Agogo a Zuze Sanadzipereke

Ndinadandaula koyamba Lamulungu lachiwiri la Novembala chaka chatha, m'holo ya tchalitchi imene ife Amalawi a mu Leicester timabwereka tikakhala ndi zochitika. Dandaulo limenelo linali la pakamwa, ndipo ndinalipereka kwa a Mbewe, wapampando wa komiti ya chikumbutso, ataima pafupi ndi tebulo la tiyi. Kalata yoyamba ndinalemba Khirisimasi isanafike, ina pambuyo pa Pasaka. Makope ake ndili nawo, pamodzi ndi timapepala ta ku positi. Yankho lolembedwa sindinalandirepo.

Nkhani yake ndi iyi. Komitiyo inapempha kuti aliyense amene ali ndi chithunzi cha kholo lake lomwe linamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse achibwereketse. Ine ndinapereka cha agogo anga a Zuze, bambo awo a mayi anga, chojambulidwa ku Zomba atavala yunifolomu ndi chipewa chopinda mbali imodzi. Anachikulitsa bwino, n'kuchipachika pakhoma. Koma pansi pake analembapo, m'Chingerezi ndi m'Chichewa, kuti munthuyu anadzipereka yekha kunkhondo chifukwa chokonda Mfumu ya ku Mangalande. Mdzukulu wanga Tadala, wobadwira konkuno, anawerenga mokweza, n'kundiuza m'Chingerezi chake chothamanga kuti mawa akauza anzake kusukulu. Tsopano ndamva kuti mawu omwewo alowa m'kabuku ka ana athu amene amaphunzira Chichewa Loweruka, ndipo kabukuko kadzapita kosindikiza kumapeto kwa Seputembala. Akangosindikiza, mbiri ya agogo yathera pomwepo, chifukwa ana a kuno amakhulupirira cholembedwa kuposa nkhalamba. Choncho ndalemba zimene ndikudziwa, kuti aliyense aziwerenge.

Chimene chimandibweretsera agogo a Zuze m'maganizo ndi fungo la matope akuda a kudimba m'mawa wa mwezi wa Julayi, nkhungu ikadali mbuu padambo, litasakanikirana ndi utsi wa mapesi onyowa ndi mame amene agogowo ankasonkha pachulu kuti tiziwothetsa zala tikatopa ndi kutunga. Mudzi wathu unali ku Dedza, kufupi ndi malire, kumalo kozizira moti madzi a pachitsime ankaluma m'manja ngati nyerere. Agogo ankathirira ndi zitini ziwiri za palafini zimene anaziboola ndi msomali kunsi, ndipo phokoso la zitinizo, zikugundana m'njira ya kudambo tambala atangotsika, ndilo linkadzutsa mudzi wonse. Ankazenga miyendo yawo ndi nsanza za bulangete kuyambira pa akakolo mpaka m'maondo, mozungulira mosamala, mfundo yake ili kumbali. Kabichi, anyezi ndi kachewere ankadzala atayamba akoka chingwe, ndipo mbande imene yatuluka pamzere ankaizula n'kuibwezera pamalo pake, akuikalipira ngati munthu.

Ife adzukulu tikafika ankakuwa kuti, "Folani!" Tikaima pamzere, aliyense ankamupatsa kachitini kake, kenako n'kumatithamangitsa ndi mawu akuti "jalidi, jalidi," amene anati anawatola ku India ndipo amatanthauza kuti fulumirani. Za kuwomberana sankakamba. Ankakamba za misundu ya m'nkhalango za ku Bama imene inkalowa mpaka m'nsapato, za mpunga wa miyala, ndi za sitima ya pamadzi imene inawasanzitsa mpaka kulakalaka atafa. Tikawafunsa ngati anaphapo munthu, ankatiuza kuti anyezi wa kumapeto uja sanamwe madzi.

M'mudzimo agogo anali mkamwini. Kwa ana obadwira kuno ndiyenera kufotokoza. Kwathu mwamuna akakwatira ankasamukira kumudzi kwa mkazi. Ankamupatsa pomanga nyumba ndi polima, koma nthaka, ana ndi milandu zinali m'manja mwa alongo a mkaziyo. Pakakhala zokambirana, agogo ankakhala kumapeto kwenikweni, atatembenuza chitini chawo n'kukhalapo, ndipo sankalankhula pokhapokha afunsidwe. Amene ankalamula mbumba yathu anali agogo a Yohane, mlongo wawo wa agogo aakazi a Nachisale. A Yohane sanali munthu wankhanza. Anali wonenepa, wokonda kuseka, ndipo madzulo alionse iwo ndi agogo ankakhala pansi pa mtengo wa pichesi n'kumasewera bawo, akunyozana.

"Alamu, mwaba nkhomo. Kuba kumeneku munaphunzira kwa Apwitikizi."

"Werenganinso, alamu. Vuto lanu n'loti mumawerenga ndi mimba."

Tsiku lina, ndili sitandade 3, aphunzitsi anatiuza za nkhondo ija, kuti anthu a kuno anapita kukathandiza Mfumu. Masana ake ndinapeza agogo akukwirira mbatata m'phulusa pachulu paja, ndipo ndinawafunsa ngati Mfumuyo anaionapo.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe Lemani, Mfumu ndinaiona pa ndalama. Ine ndinapita chifukwa cha dimba lino, ndi chifukwa cha manda."

Kenako anafotokoza, akutembenuza mbatata ndi kamtengo. Iwo anabadwira tsidya la malire, kwa Apwitikizi. Ali mnyamata anathawa chibalo, ntchito yokakamiza yokumba misewu imene inatenga bambo awo osabweranso. Anawoloka usiku ndi anzawo, n'kumagwira ganyu m'midzi ya ku Dedza mpaka anakwatira a Nachisale. Mudzi wa kwawo unabalalika, moti analibe kobwerera. Mayi anga, a Elube, ali wakhanda, kunabwera mesenjala wa boma kudzanena kuti mudzi uliwonse upereke mwamuna wamphamvu. M'mudzi mwathu dzina linagwera a Yohane, mwana wamwamuna yekhayo pakati pa akazi.

"Apongozi anga sitinkayang'anana, ndiwo mwambo," anatero agogo. "Akandiona m'njira ankapatukira m'tchire. Koma tsiku limenelo anabwera okha. Ndinali kukonza nkhokwe. Anaima kuseri kwake, ine mbali ino, tikumvana mawu okha. Anati, inu atate a Elube, pitani m'malo mwa mwana wanga. Mukabwerako simulinso mlendo. Dimba la kumunsi ndi lanu mpaka imfa, ndipo manda anu ali pano."

"Ndiye munavomera?"

"Munthu wopanda kwawo ukamuuza za manda, amavomera. Anapha nkhuku, anafulula mowa, mudzi wonse unamwa. Amene anamwa ndiwo mboni."

Anati kuboma panalibe amene anawafunsa chifukwa chimene abwerera. Kalaliki anawagwira chala, n'kuchiviika mu inki, n'kuchidinda. Onse amene anaima pamzere tsikulo, ogwidwa, otumidwa ndi ofuna okha, analembedwa chimodzimodzi.

Anabwerako ali wowonda ngati bango, khutu limodzi litagontha. Dimba anawapatsadi, ndipo analilima zaka zambiri, mpaka mayi anga anakula n'kubereka ife. Ndi malipiro awo a usilikali anagula matabwa ndi mahinjesi achitsulo, n'kukhoma chitseko. M'mudzi monse zitseko zinali za bango ndi mapesi, koma cha agogo chinali cha matabwa, cholemera, ndipo ankachipaka mafuta akuda a galimoto kuti chiswe chisachidye.

Agogo aakazi anamwalira mvula itangoyamba, chaka chimene ndinalowa sitandade 5. Patapita miyezi, kunachitika mwambo wometa. Pa mwambo umenewo abale a womwalira amasudzula wotsalayo, kutanthauza kummasula kuti ukwati watha. Mkamwini wosudzulidwa amatha kuuzidwa kuti abwerere kwawo, koma wokalamba amene wakhala bwino ndi anthu nthawi zambiri ankamusiya kuti azikhala ndi ana ake. Mwambo unkalola ziwiri zonsezi. Koma nthawi imeneyo kachewere anali atayamba kugulidwa ndi amalole ochokera ku Blantyre, ndipo a Filipo, mwana wa mchemwali wina wa agogo aakazi, ankalifuna dimbalo.

Tinali titakhala pabwalo la nyumba, mitu yathu itametedwa kumene, tsitsi lili mulu pansi ndipo mphepo ikutiwomba m'mipala. A Yohane analankhula atayang'ana pansi.

"Alamu, mlongo wathu mwatisungira bwino. Tilibe nanu chifukwa. Lero takumasulani. Mutha kupita kwanu, mukapeze wina wokutungirani madzi."

Agogo anatembenuzira khutu lawo lakumva kwa a Yohane. "Kwathu kuti, alamu?"

"Kumene munachokera."

Agogo anaimirira. Ndinali ndisanawaonepo ataimirira pa zokambirana. Anaima chilili, manja ali m'mbali.

"Mayi anu anaima kuseri kwa nkhokwe imene inali apo, pamene pamera nthochi ija. Inu munali m'nyumba, mutadzitsekera, m'mimba mutatseguka ndi mantha. Mwaiwala?"

Amayi ena anabisa nkhope m'zitenje. Sindikudziwa ngati ankaseka kapena kulira.

"Zimenezo ndi zakale, alamu," anatero a Yohane. "Amene analankhula anagona kalekale."

"Amene analankhula anagona. Amene anapulumutsidwa ndi uyu ali apa akununkhiza fodya."

A Filipo analowererapo. "Boma linakulipirani, madala. Mendulo muli nazo. Dimba ndi la mbumba."

Mayi anga anagwada, n'kunena kuti, "Amalume, bambo angawa akalamba. Apita kuti?"

"Khala chete, Elube," anatero a Yohane. "Ine ndatsala ndekha ndi ana onsewa. Ndikamukaniza Filipoyu, mawa andidya." Ndiye agogo a Zuze anayang'ana anthu aja amene anamwa mowa wa pangano, amene ena anali adakali moyo, atakhala pomwepo. Panalibe amene anatsegula pakamwa.

M'mawa mwake zitini zinalira monga mwa masiku onse. Agogo anapita kudimba, n'kuthirira mizere yonse mpaka kumapeto, ngakhale mvula inali itagwa dzana lake. Atabwerako anatenga mpeni wobuntha n'kuyamba kumasula mahinjesi. Ndinawagwirira chitsekocho kuti chisagwe. Anamanga bulangete ndi zitini zija pamwamba pake ndi luzi, anapinda nkhata, n'kusenza.

Akamwini ankayenda njira za kuseri kwa nyumba. Agogo tsiku limenelo anadutsa pakati penipeni pa mudzi, akuponda mofanana ngati pali ng'oma imene akuimva okha, chitseko chili pamutu. A Yohane anatuluka atafunda nsalu.

"Alamu! Chitseko mukupita nacho kuti? Nyumba muisiya pululu?"

Agogo sanathe kutembenuza mutu chifukwa cha katunduyo, choncho anatembenuka thupi lonse.

"Dothi ndi lanu, udzu ndi wanu, mitengo ndi yanu. Ichi ndinachigula ndi miyendo yanga ku Bama."

Nyumbayo munayamba kugona mbuzi, ndipo inagwa patapita mvula zingapo. Agogo anakapeza ulonda pa sitolo ya Mmwenye wina pamsika wa pamsewu, n'kumanga kanyumba kuseri kwake. Kanyumbako kanali kakang'ono kuposa chitseko chake, moti anachita kukweza khoma la kutsogolo. Ndinkawayendera Loweruka. Anali atadzala anyezi m'mabeseni akutha, pamzere. Atadwala matenda awo omaliza, a Yohane anatumiza uthenga kuti manda atha kukumbidwa kumudzi. Agogo anauza mayi anga kuti, "Ndinapempha ndili woimirira, anandikaniza. Musakandinyamulire kumeneko nditagona." Anaikidwa kumanda a mishoni, kumbali kumene amaika apaulendo.

Nditabwera kuno ku England, ntchito imene ndinagwira nthawi yaitali inali yokolopa m'nyumba zogona ophunzira a pa yunivesite ku Oadby. Chaka cha sukulu chikatha, anawo amasiya zinthu zambiri m'zipinda, ndipo ine sinditha kuona pepala likutayidwa. Buku lina limene ndinatola linali lonena za asilikali a Aroma m'zaka zomaliza za ufumu wawo. Ndinkaliwerenga m'basi, pang'onopang'ono, dikishonale ili pamwendo. Ndinayamba nalo chifukwa chakuti basi yanga inkadutsa pafupi ndi chipupa chakale chimene Aroma anamanga mumzinda muno, ndipo ndinkafuna kudziwa kuti anali anthu otani.

M'bukumo ndinapezamo mtundu wa anthu otchedwa Agoti. Sindikunena kuti anafika kuno ku Leicester, bukulo silinatero. Anthuwa anathawa adani kwawo, n'kuwoloka mtsinje waukulu umene unali malire, n'kupempha kuti akhale m'dziko la Aroma. Atazunzidwa ndi kumenyana nawo, kunapangidwa pangano: apatsidwe malo olima, ndipo iwo azipereka amuna mfumu ya Aroma ikaitana. Mfumuyo itapita kukamenyana ndi Mroma mnzake amene ankalimbirana naye ufumu, inaika Agoti kutsogolo, ndipo anafa ochuluka. Mlembi wina wa nthawi imeneyo anaona kufa kwawoko ngati phindu kwa Aroma. Mtsogoleri wawo anayembekezera udindo ndi malo okhazikika, koma anangomuzungulitsa kwa zaka. Mapeto ake Agoti analowa mumzinda wa Roma, n'kutenga zimene akanatha kunyamula, n'kuchoka patangopita masiku ochepa.

Nditawerenga pamenepo ndinapitirira siteji yanga. Agoti anali akamwini a Aroma. Kusiyana kwake n'koti iwo anali khamu, pamene agogo anali okha. Koma chimene ndinachisunga kwambiri ndi ichi: Aroma, ndi kudzikuza kwawo konse, sanawatchule anthuwa kuti okonda mfumu. Dzina limene ankawapatsa linkatanthauza anthu a pangano. Ankadziwa kuti chinawaika pamzere ndi chiyani.

Zimenezi ndinawauza a Mbewe mwezi wa Juni, titakumana pa mwambo wa chinkhoswe ku Normanton, mu Derby. A Mbewe ndi injiniya ku Loughborough, munthu waulemu, ndipo komitiyo amaigwirira ntchito popanda malipiro. Anandipezera mpando asanayambe kulankhula.

"Ankolo, makalata anu tinarisiva. Tiwadisikasa pa mitingi ikubwerayi."

"Munanenanso choncho pa Pasaka."

"Koma ankolo, Aroma alowa bwanji m'nkhani ya ku Dedza?"

Ndinawafotokozera. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anapukusa mutu.

"Ndamva. Koma taganizani za anawa. Kusukulu anzawo amawafunsa kuti makolo anu anabwera kudzatani kuno. Mwana wanga anabwera akulira tsiku lina. Tikufuna akhale ndi choyankha, kuti agogo athu anamenyera dziko lino mwa kufuna kwawo. Inu mukufuna tilembe kuti anakankhidwa ndi apongozi?"

"Ndikufuna mulembe zimene zinachitika."

"Ndiye kuti tilembenso kuti amene anawanyenga ndi banja lanu lomwe."

"Lembani. A Yohane ndi agogo anganso. Sukulu yanga ya sekondale, mbali ina analipira ndi a Filipo, ndi kachewere wa dimba lomwelo."

"Muli ndi pepala lililonse? Chifukwa chikalata cha usilikali chimene munatipatsa pamodzi ndi chithunzi chija chikuti anadzipereka."

Pamenepo ndiye panandipweteka. M'nyumba mwanga muli mafayilo a chilichonse kuyambira tsiku limene ndinatsika ndege: za olowa ndi otuluka, za lendi, za kuchipatala, mpaka matikiti a basi a chaka changa choyamba. Koma pangano la agogo linalankhulidwa kuseri kwa nkhokwe, ndi munthu amene sankaloledwa ngakhale kuwayang'ana kumaso. Mboni zake zinali zipanda za mowa. Wotsala amene anamva kuchokera pakamwa pawo, amene anagwira chitseko chija chikumasulidwa, ndi ine, ndipo chaka chino ndagonekedwa m'chipatala kawiri.

Zimene a Mbewe ananena za ana sindikuzipeputsa. Inenso ndafunsidwapo funso limenelo pa siteji ya basi, ndili ndi imvi zanga. Ndikudziwanso kuti alipo amene anapita kunkhondo mwa kufuna kwawo, ndipo pa zithunzi zawo palembedwe choncho. Koma agogo a Zuze anachotsedwa pa dimba lawo ndi anthu amene anati zakale zilibe ntchito, ndipo sindilola kuti achotsedwenso pa mbiri yawo ndi anthu amene akuti zoona zilibe ntchito. Tadala akakula adzasaina mapangano ambiri m'dziko lino, a ntchito, a nyumba, a mapepala okhalira. Ndi bwino adziwe kuti kholo lake linasunga mbali yake yonse ya pangano, linathirira mpaka mzere womaliza, ndipo enawo atathyola mbali yawo linawauza pamaso, litaimirira. Akafunsidwa kusukulu, yankho limenelo likumukwanira.

Choncho, kwa wapampando ndi mamembala onse a komiti ya chikumbutso, ndikupempha mwaulemu, pamaso pa onse owerenga, kuti pansi pa chithunzicho ndi m'kabuku ka ana palembedwe mawu awa, m'zilankhulo zonse ziwiri: "Zuze, mkamwini wa ku Dedza. Anapita kunkhondo m'malo mwa mlamu wake, atalonjezedwa dimba ndi manda. Anabwerako. Dimba analandidwa atakalamba, ndipo anaikidwa kwina." Ngati komiti ikuona kuti mawu amenewa ndi olemera kwa ana, ichotse tsamba la agogo m'kabukumo ndipo indibwezere chithunzi changa mu envelopu imene chinabweramo. Pa ziwirizi isankhepo chimodzi, ndipo indiyankhe molemba kabukuko kasanapite kosindikiza.

Ine mdzukulu wawo,
Lemani, mwana wa Elube